Dzanja la Apulofesoli Pascoal

Munhava, Beira
Mwezi wa Fevereiro

Okondedwa mlongo wanga, mana Bibiana, amake Glória,

Landirani moni wanga, inu ndi onse a pakhomo. Kodi muli bwanji kumeneko ku Malowera? Alamu anga a Silvano ali bwanji? Nanga atate, mabondo aja akuwalola kuyenda, poti mvula ikamagwa chonchi ndiye amatupa? Ndinamva kuti Glória anadwala chifuwa Khirisimasi itangopita. Ndikhulupirira kuti tsopano wachira.

Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Mlamu wanu Fatima mimba ija yakula, miyendo ikumatupa, koma kuchipatala akuti mwana ali bwino. Mvula ya mwezi watha inalowa m'nyumba mpaka m'akakolo, matilesi tinachita kuwakweza pa tebulo. Madziwo anaphwa koma atisiyira udzudzu ndi fungo la matope. Ine malungo anandigwira pang'ono, ndinamwa mankhwala, ndili bwino. Ntchito ikadali yomwe ija ya pa fotokopiya, pafupi ndi univesidadi. Ophunzira atsegulira, choncho ndimaima pa makina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Kalatayi ndapatsira Sebastião, mwana wa amalume, amene anabwera kudzagula mabelo a zovala za kalamidadi, zija za kaunjika. Sindinafune kulankhula pa telefoni. Ndikudziwa kuti yanu mumaisiya pa baraka, kagolosale kaja ka pamsika, kuti ilowe moto, ndipo ogula golide nawonso amasiya zawo pomwepo. Amene wafuna atha kuitsegula.

Uthenga wanu wonena za apulofesoli Pascoal, aphunzitsi a ana kumudziko, ndinaumva. Ndinaumvera kawiri, kachitatu ndinalephera. Mwina mukuganiza kuti kukhala chete kwangaku ndi kusalabadira. Ayi mana, ndakhala ndikusowa poyambira. Inu mukudziwa mbali ya kumudzi, ine ndikudziwa mbali ya kuno, ndipo sindinakufotokozereni bwinobwino kumene mawu anu ankapita. Lero ndifotokoze, chifukwa pali chinthu chimene ndikufuna kupempha, ndipo simungayankhe musanamve zonse.

Mukukumbukira mmene okumba golide anafikira pa mtsinje wathu wa Kalombwe. Poyamba anali anthu a makasu ndi mabeseni, ena a m'mudzi momwemo, ndipo sitinadandaule. Kenaka kunabwera patirawu uja, bwana wa migodi, ndi makina ake opopa madzi ndi alonda ake. Dimba la atate analikumba ngati kuti mwini wake anafa. Madzi anasanduka phala lofiira. Ng'ombe zathu zinayamba kuwonda ndi kugwa, ana akasamba ankatuluka zilonda. Atate anapalasa njinga kukadandaula kwa akuluakulu, ndipo kulikonse ankawauza kuti abwere sabata yamawa. Inu munakwera phiri lija pamene pamagwira redi ya telefoni n'kunditumizira mawu. Munati ine ndili m'tauni, ndimadziwa kulemba, ndiuze anthu.

Ndinayesa. Ndinapita kwa munthu wina wa wailesi, anandimvetsera bwino, n'kunena kuti Maravia ndi kutali, alibe galimoto yopitira kumeneko. Ndinaganiza zolemba pa tsamba lija limene aliyense ali nalo m'telefoni. Koma pamenepo pali nkhope yanga, pali chithunzi cha ukwati wanu, pali nambala imene ndinalembetsa ndi bilyeti yanga, chitupa cha boma. Munthu wofuna kudziwa kwathu sangatulutse n'thukuta lomwe. Ndinalemba, ndinayang'ana, ndinafufuta.

Amene anandionetsa njira ina ndi mtsikana wina dzina lake Quitéria, wa ku Angónia, amene amaphunzira za makompyuta. Ankabwera kudzakopa mapepala, ndipo tinazolowerana chifukwa cha chinenero. Tsiku lina anandipeza ndikumvetsera mawu anu nkhope itagwa. Nditamufotokozera, anati iye ndi anzake ali ndi malo olembapo nkhani pa intaneti, amene amati bulogu, koma osiyana ndi masamba akuluakulu aja. Polowa safunsa dzina, safunsa nambala, sasunga kuti walembera kuti kapena ndani wawerenga. Umangosankha dzina lopeka ndi mawu achinsinsi otsegulira, basi.

Ndinamufunsa kuti mwini wake ndani, poti chilichonse chili ndi mwini amene angagulidwe kapena kuopsezedwa. Anati apa ndiye pagona nzeru yake, palibe mwini mmodzi. Pali makompyuta ambirimbiri m'mayiko osiyanasiyana, iliyonse ndi eni ake, ina ya ophunzira, ina ya kagulu ka anthu, ina ya munthu wamba m'nyumba mwake, ndipo onsewo amapatsirana zolembedwa. Iwo amawatchula kuti maserividoli. Yawo inali ya iye ndi anzake atatu. Ukalemba pa imodzi, aliyense amene amakutsatira amalandira, ngakhale ali pa ina. Wina akatseka imodzi, zolembazo zimakhala zitafika kale kwina. Mana, nditamva zimenezo ndinaona ngati kwacha. Ndinati ndapeza khomo limene patirawu sangaimepo.

Ndinadzitcha Madzi Ofiira. Inu munkakwera phiri n'kundiuza zimene zachitika, mpweya uli wefuwefu, ine n'kuzilemba m'Chipwitikizi kuti akutali amve. Chipwitikizi changa mukuchidziwa, n'cha pamsika. Quitéria ndiye ankachiwongola, mpaka nkhani inkatuluka yosalala ngati walemba munthu wa mabuku. Zithunzi zimene munkatumiza ankayamba wazichotsa zizindikiro zobisika zimene zimaulula telefoni imene yajambula ndi malo ake. Mayina a anthu tinkasintha. Dimba la atate ndinalitcha dimba la nkhalamba ina. Tinasamala zonse zimene tinkadziwa kusamala.

Anthu anayamba kuwerenga. Sanali ambiri, koma kwa ine anali ambiri. Nkhani imene inayenda kwambiri ndi ija ya tsiku limene nsomba zinayandama mimba m'mwamba, ana n'kumatola, inu n'kumawathamangitsa ndi mkwapulo kuti ataye. Mayi wina wa ku Brazil ankayankha nkhani iliyonse, ankati kwawonso migodi inapha mtsinje. Bambo wina wa ku Alemanya, dziko la Majeremani, anamasulira nkhani ya ng'ombe m'chinenero chawo. Ena ankangoika kanyenyezi kosonyeza kuti awerenga. Ndinkafika kunyumba n'kumuwerengera Fatima, iye n'kumafunsa kuti nanga anthu amenewa abwera liti. Ndinkamuuza kuti adikire, zinthu zimayamba chonchi.

Palibe anabwera. Mtolankhani mmodzi wa ku Maputo anandilembera mwaulemu. Anati nkhaniyo ndi yaikulu, koma nyuzi yake singasindikize mawu a munthu wopanda dzina. Ankafuna dzina langa, dzina la mwini dimba, ndi munthu wovomera kujambulidwa nkhope. Ndinamuuza kuti mayinawo ndi amene angaphetse anthu. Anati akumvetsa, ndikadzasintha maganizo ndimuuze. Bungwe lina la kunja nalonso linafunsa zomwezo. Apa ndi pamene ndinayamba kuona kuti chimene chikunditeteza ndi chomwenso chikuchititsa kuti anthu asandikhulupirire. Koma ndinapitiriza, poti inu munkakwerabe phiri.

Mmene nkhanizo zinafikira kwa patirawu ndinamva kwa Sebastião. Iye amandiuza monga nkhani za kumudzi, sadziwa kuti akuuza mwini wake. Akuti wina anajambula tsamba langa ndi telefoni n'kuliponya m'gulu la ogula golide a ku Tete, monga nthabwala, ati taonani akukutchulani. Chithunzicho chinayenda telefoni ndi telefoni mpaka ku boma kwathu ku Fíngoè, mpaka pa baraka ya kwathu. Ndinkalira kuti anthu awerenge. Walira mvula walira matope. Mwa anthu onse a ku Maravia, woyamba kuwerenga bulogu yanga anali mwini makina aja.

Dzina langa sanalipeze. Pamenepo Quitéria sananame, ndipo mpaka lero salidziwa. Koma munthu wokwiya sabwerera chimanjamanja. Anangokhala pansi n'kufunsana kuti m'mudzi muno ndani angalembe Chipwitikizi chotere, ndani ali ndi telefoni yaikulu ndi sola, ndani anayamba walankhulapo zoipa za migodi. Mayankho onse analoza nyumba imodzi.

A Pascoal ine ndinacheza nawo kamodzi kokha, pa feriya, tchuthi chija ndinabwera ndi Fatima. Anatibwereka njinga yawo kuti tikaone azakhali, ndipo pobweza anakana ngakhale nkhuku yothokozera. Munthu wochokera kutali, wopanda mbale m'mudzimo, amene anavomera kukhala pa shikola imene aphunzitsi anzake onse ankaithawa dzinja likafika. Ndi iwo anaphunzitsa Glória kuwerenga. Mlandu wawo unali wakuti ankapita kumigodi kukatenga ana a m'kalasi mwawo n'kuwabweza pa benchi, ndipo Lamulungu ku gereja ankanena poyera kuti madziwo akupha. Za bulogu sankadziwa n'komwe.

Zimene munandiuza sizichoka m'mutu mwanga. Kuti anthu a patirawu anabwera pa mamota, njinga zamoto zija, masanasana, ana ali m'kalasi. Kuti anawakokera panja pamene amakwezera mbendera, anatsegula telefoni yawo osapezamo kanthu, n'kunena kuti afufuta. Kuti dzanja lamanja analiika pa mwala n'kuliphwanya ndi mwala wina. Munati Glória anaona zonse, ndipo masiku ano akamva mota amalowa kunsi kwa kama. Munati a Pascoal anawolokera ku Zambia kwa anthu a mpingo, dzanja atalimanga ndi nsungwi, ndipo akazi awo a Augusta atsala ndi ana awiri ndi munda wosapalira. Shikola yatsekedwa. Mawu amene anthu aja anasiya ndi akuti aphunzitsi asadzapondenso m'mudzimo mpaka zolembazo zitachoka.

Ndipo chimene chinandiwawa koposa, munati a Augusta eni ake anakufunsani kuchitsime ngati amuna awo ankalembadi mobisa osawauza. Munati munayang'ana pansi n'kusenza ndowa yosadzaza.

Tsiku limene ndinamva, ndinasiya makina n'kupita kukamufuna Quitéria ku univesidadi. Ndinamupeza pansi pa mtengo akudya chinangwa ndi anzake. Ndinamutengera pambali n'kumuuza kuti afufute zonse, lero lomwe. Anatsegula kompyuta yake pa maondo. Tinafufuta nkhani imodziimodzi ine ndikuona. Atamaliza sanandiyang'ane.

"Achimwene a Eusébio, pa serividoli yathu zachoka," anatero. "Ndatumizanso pempho kwa enawo kuti achotse. Ambiri achotsa. Koma amene sakufuna, palibe angawakakamize. Ndipo zimene anthu anamasulira kapena kujambula sizili m'manja mwathu."

Ndinati nanga si unanena kuti ndi zanga, mwini wake ndine.

"Ndinatero. Ndinakuuzaninso kuti palibe angazizimitse. Sindinaganize kuti wofuna kuzimitsayo adzakhala inu."

Zili ngati mbewu ya mbatata, mana. Ukagawira anthu, yako ukhoza kuzula, koma sungalowe m'minda ya eni n'kumazula. Ndinalembera mayi wa ku Brazil uja ndi bambo wa ku Alemanya. Mayiyo anachotsa n'kupepesa. Bamboyo anayankha kuti kuchotsa ndi kugonjera anthu oipa, choonadi chiyenera kukhala poyera. Ali m'nyumba yake yabwinobwino, akundilangiza za kulimba mtima. Enawo sindiwadziwa n'komwe. Mpaka lero ukalemba dzina la mtsinje wathu pa intaneti, nkhani ya ng'ombe imatuluka.

Kenaka tinaganiza nzeru ina. Quitéria anati popeza a Pascoal alibe telefoni ndipo dzanja n'lothyoka, ndikalemba nkhani yatsopano aliyense adzaona kuti wolemba si iwo. Zinamveka zanzeru. Ndinalemba mwachidule kuti Madzi Ofiira si mphunzitsi, sakhala ku Maravia, ndipo munthu amene wamenyedwayo ndi wosalakwa. Sebastião akuti nayonso inafika pa baraka. Anthu a patirawu anaiwerenga mokweza n'kumaseka. Ati taonani, ali ku Zambia koma akulembabe ndi dzanja lamanzere, mwina titengenso limenelo. Akutinso mawa lake anapita kwa a Augusta n'kuwalanda mbuzi. Kodi n'zoona zimenezi? Simunandiuze.

Ndiye apa ndi pamene tafika. Ndikalemba, chilango chikugwera banja la a Pascoal. Zimene ndinalemba kale sizikufufutika. Ndipo mtsinje ukadali wofiira monga unalili ndisanalembe liwu ndi limodzi lomwe.

Quitéria sindimuimba mlandu. Analira pamaso panga, ndipo masiku ano akamadutsa pa fotokopiya amayang'ana pansi. Akuti anzake akufuna kutseka serividoli yawo, mmodzi wachita mantha, wina wamaliza maphunziro akubwerera kwawo. Chida chawocho chinachita zimene analonjeza, chinandibisa bwinobwino. Kungoti amene anachipanga ankaganiza za mizinda ikuluikulu, kumene odziwa kulemba ndi ochuluka ngati mchenga, ndipo munthu akabisa dzina wasowadi. Sankaudziwa mudzi umene uli ndi mphunzitsi mmodzi.

Pali chinanso chimene sindinauze munthu, ngakhale Fatima. Sebastião anali ndi nambala ya akatekisita amene akusunga a Pascoal ku Zambia. Ndinaitenga ngati wofuna kungopepesa, n'kuimba pa telefoni ya kuntchito nthawi ya nkhomaliro. Anandikumbukira. Anafunsa za Fatima, anafunsa ngati kuno kukutentha. Mawu awo anali ofewa monga kale, kungoti ankapumira pakati. Anati kuchipatala cha kumeneko awauza kuti mafupa analumikizana mokhota, zala ziwiri sizidzagwiranso choko. Akuphunzira kulemba ndi lamanzere pa mchenga. Chimene chinkawadetsa nkhawa kwambiri ndi ana a kalasi yomaliza, ati ndani awakonzekeretse mayeso.

Ndinawafunsa ngati akumudziwa amene analemba.

"Sindikumudziwa," anatero. "Andiwerengera kuno zimene analemba. Sananame ngakhale pamodzi. Ndi munthu wa komweko, akudziwa ngakhale pamene ng'ombe zimamwera."

Ndinati nanga mutakumana naye mungamuuze chiyani.

Anati, "Sindikumuda. Koma munthu ukamazinda mwala, umayamba wayang'ana kuti kumbuyo kwako kwaima ndani. Inu muli m'tauni, mumadziwana ndi anthu a makompyuta. Mukadzamumva, mumuuze kuti ndili ndi ana."

Ndinati ndamva, apulofesoli. Ndinawafunira kuchira n'kudula. Mawu oti wolembayo ndine anali pakamwa ndipo ndinawameza, chifukwa telefoni ya tsidyalo inali ya eni, komanso chifukwa ndinaona nkhope ya atate m'maganizo. Ndinabwerera pa makina n'kukopa mapepala a anthu mpaka madzulo.

Fatima akuti ndisiye, ndiganize za mwana akubwerayu. Akuti si ine ndinanyamula mwala. N'zoona. Koma ndikamasanja mapepala ndimayang'ana dzanja langa lamanja, lili bwinobwino, zala zonse zikupindika, ndipo chakudya sichitsika. Iye amaona, amangochotsa mbale.

Inunso mana musadzidye mtima. Munali ndi ng'ombe zakufa pakhomo ndi mwana wa zilonda m'miyendo. Munachita chimene munthu aliyense akanachita, kuitana mlongo wake. Njira yake ndinasankha ndine, ndipo ngakhale lero ndikaganiza sindikuona pamene tikanakhotera, kupatula kungokhala chete n'kumamwa madziwo.

Njira imene yatsala ndi imodzi, ndipo ndi chifukwa chake ndalemba. Nditha kutulutsa dzina langa lenileni. Nditha kujambulitsa nkhope yanga, bilyeti ili m'manja, n'kunena kuti Madzi Ofiira ndine Eusébio, mwana wa a Matias a ku Malowera. Mtolankhani wa ku Maputo uja akuti pamenepo angasindikize. Ine kuno mwina sangandipeze msanga, Beira ndi wamkulu. Koma dzina langa ndi dzina la atate. Likangotuluka, mamota aja adzaima pakhomo panu, ndipo sadzavutika kufunsa kuti ndani ankakwera phiri. Mwamvanso kuti chimene chalembedwa kumeneko sichibwerera. Sindingalitulutse lero n'kulibweza mawa titaona kuti zavuta.

Choncho zisanachitike, muyenera kukhala mutachoka nonse, inu, alamu, ana ndi atate. Ndikudziwa chimene ndikunena. Ine ndinabadwira ku Zambia nkhondo ili mkati, sindikumbukira zambiri. Koma inu mukukumbukira ulendo wobwerera, atate atasenza chitseko pamutu kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo chifukwa anati nyumba ya kwawo iyambe ndi chitseko. Anagwetsa mitengo okha, anakumba chitsime, anaika amayi m'nthaka imeneyo. Akhala akunena kuti kuthawa anathawa kamodzi, kachiwiri adzachita kuwanyamula ali m'bokosi. Tsopano ine mwana wawo ndiwauze kuti asenzenso katundu, chimanga chili m'munda chisanakhwime, chifukwa cha nkhani zimene sanaziwerengepo.

Ndipo ndisakunamizeni, sindikukhulupirira kuti zikonza kanthu. Mwina nyuzi idzasindikiza, anthu adzawerenga m'mawa akumwa tiyi, pofika madzulo aiwala. Mwina patirawu adzati a Pascoal ndi ine tinali limodzi. Dzanja silidzabwerera mwakale, dimba nalonso linapita. Chimene chingatheke n'chakuti a Augusta adzadziwa kuti amuna awo sanawabisire kanthu, ndipo anthu a m'mudzi adzasiya kulambalala pakhomo pawo ngati kuti ndi iwo anaitana tsokali. Mwinanso, mwina, a Pascoal angadzaloledwe kudzatenga ana awo masana osazemba. N'chaching'ono. Sindikudziwa ngati n'chokwanira kugwetsera nyumba ya atate.

Pempho langa ndi ili. Khalani pansi ndi atate ndi alamu a Silvano, ana ali kutali, muwauze zonse. Atate sakudziwa kuti wolemba ndine, ndipo alamu sindikudziwa ngati munawauza za kuphiri. Ngati mukuopa mkwiyo wawo, nenani kuti ndinakunyengererani ndine, ndivomera. Mukagwirizana, mumuuze Sebastião liwu limodzi lokha, inde kapena ayi. Akubweranso kuno Pasaka isanafike, ndipo ndamuuza kuti ndi nkhani ya dzina la mwana. Sanafunse zambiri.

Mukati ayi, sindidzakwiya ndipo sindidzaitchulanso nkhaniyi. Ndikanakhala kuti ndili kumeneko ndi ana, mwina nanenso ndikanati ayi. Mukati inde, ndidzadikira mpaka nditamva mawu anu muli tsidya, ku Zambia, ndipo pokhapo ndidzalembera mtolankhani uja. Sindichita kanthu pandekha. Ndachita kale zinthu ndili kutali, ndipo zagwera amene ali pafupi.

Pakadali pano musakwerenso phiri chifukwa cha ine. Palibenso kumene mawuwo angapite.

M'thumba la Sebastião ndaikamo mafuta opaka mabondo a atate, sopo, ndi nsapato za Glória. Ngati zakula musunge, adzakuliramo. Fatima waikamo nsalu yanu, akuti mtundu wake anasankha yekha, musamuseke.

Mundiperekere moni kwa atate, muwauze kuti mwana wawo amawakumbukira tsiku ndi tsiku. Moni kwa alamu a Silvano, kwa Glória ndi mlongo wake Elídio. Moni kwa amalume a Baltazar ndi banja lawo, ndi kwa azakhali a Ilda ku Chiputo ngati pali wopita kumeneko msewu ukauma. Moni kwa onse a ku gereja amene amafunsa za ine. Fatima akupereka moni kwa nonse, akuti mumupempherere mwezi wake ukayandikira.

A Augusta ndinafuna kuwalemba pamodzi ndi enawa, koma moni wanga ulibe poima pakhomo pawo. Musawapatse. Mukapeza mpata wokawathandiza kupalira, pitani m'dzina lanu.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Eusébio